Kagwiridwe ka Mapu Mumzinda: Atembenuzeni Agwirizane ndi Msewu Umene Mwaimapo

Anthu ambiri amene amasochera mumzinda amakhala ali ndi mapu abwinobwino m'manja. Amatsika basi, n'kutsegula foni, n'kuona kuti kumene akupita kuli chakumutu kwa mapu, basi n'kuuyamba ulendo molunjika kumene nkhope yaloza. Pakatha mphindi khumi apeza kuti atalikira kuposa poyamba. Chimawasokoneza n'chakuti kumutu kwa mapu amakutenga ngati kutsogolo kwawo, chonsecho pa mapu ambiri kumutuko ndi kumpoto, ndipo iwo mwina aima moyang'ana kumadzulo. Chachiwiri n'chakuti misewu ya mizinda yambiri sinatsate kampasi. Oimanga anatsata mtsinje, njanji, gombe kapena phiri. Ntchito yanu ndi kugwirizanitsa zinthu zitatu: mapu, msewu, ndi kumene mwayang'ana.

## Zofunika kukhala nazo

- Mapu apepala kapena apafoni. Apafoni muwasungiretu mufonimo muli pamalo a netiweki yabwino, kuti azitseguka ngakhale bandulo itatha. Google Maps imalola zimenezi, chimodzimodzinso Organic Maps ndi OsmAnd.
- Kampasi yam'manja, kapena foni yokhala ndi kampasi. Mafoni ena otchipa alibe kachipangizo komva maginito, ndiye muyeseretu yanu muli kunyumba: tembenukani mutaima malo amodzi, muone ngati muvi ukutembenuka nanu.
- Pensulo ndi rula yaifupi ya masentimita 15.
- Wotchi, chifukwa dzuwa silithandiza ngati simukudziwa nthawi.
- Ndodo yowongoka yotalika pafupifupi mita imodzi ndi timiyala tiwiri, ngati mulibe kampasi. Izi mungazipeze pomwepo.
- Dzina la kumene mukupita, siteji yapafupi, ndi chinthu chimodzi chachikulu chooneka patali. Mufunsiretu kwa amene akukudikirani.

## 1. Pezani kumpoto kwa mapuwo

Musanayang'ane msewu uliwonse, fufuzani m'ngodya zonse zinayi za pepala muvi wokhala ndi chilembo N. Kumene muviwo waloza ndiko kumpoto kwa mapu amenewo. Ngati muvi palibe koma pali mizere ya manambala yoimirira ndi yopingasa, monga pa mapu a 1:50,000 a nthambi ya boma yoona zoyeza malo, kumpoto ndi kumutu.

Chenjezo: mapu a alendo, a m'mahotela ndi a sitima kawirikawiri amakhala otembenuzidwa dala kuti misewu ioneke yowongoka papepala. Mapu ambiri a Manhattan ku New York amaimika chilumbacho chilili ngati chalunjika kumpoto, pamene n'chopendekeka. Ambiri a Barcelona amaika nyanja kumunsi, pamene nyanjayo ili kum'mwera chakum'mawa. Mapu a sitima zapansi za ku London, amene maonekedwe ake anayamba mu 1933, amasonyeza ndondomeko ya masiteshoni basi; mtunda ndi mbali anazisintha kuti mizere ikwane bwino, ndiye musayendere pansi. Zikwangwani za mapu zimene zili m'misewu ya London nazo zili ndi kachitidwe kake: kumutu kwa mapuwo ndi kumene mwayang'ana mukamawerenga, choncho chikwangwani chimodzi chimasonyeza mapu osiyana kutsogolo ndi kumbuyo.

Pafoni, mapu amatembenuka mukawakhudza ndi zala ziwiri, nthawi zina osadziwa n'komwe. Akatembenuka, pangodya pamaoneka kakampasi kokhala ndi nsonga yofiira. Kadineni, kumpoto kubwerera kumutu. Mukayamba kutsogoleredwa paulendo, foni imaika kumutu kumene mukulowera, ndipo mapu amazungulira pa kona iliyonse. Zonse ziwiri n'zabwino, bola mudziwe kuti pakali pano mukuona ziti.

## 2. Werengani sikelo

Pa mapu a 1:10,000 sentimita imodzi ndi mamita 100. Pa 1:20,000 ndi mamita 200, pa 1:50,000 ndi mamita 500. Yezani ndi rula kuchokera pamene muli kufika pokhota poyamba, mulembe mtundawo ndi pensulo m'mphepete. Munthu wamkulu amayenda kilomita imodzi kwa mphindi 12 mpaka 15, ndipo mamita 100 amamutengera masitepe pafupifupi 130. Kuti mudziwe anu enieni, yendani bwalo la mpira kuchokera golo ina kufika ina mukuwerenga.

Mapu akakhala afotokope yokuzidwa kapena yochepetsedwa, manambala a sikelo sagwiranso ntchito. Dalirani kamzere ka sikelo kojambulidwa papepalapo, chifukwa kamakula ndi kuchepa limodzi ndi mapuwo.

## 3. Dziwani pamene mwaima

Pakati pa msewu wautali si poyambira pabwino. Yendani mpaka pamphambano, pamlatho, pa raundabauti kapena pamene njanji yadutsa msewu, pamalo pamene mizere iwiri yakumana. Werengani zikwangwani za misewu yonse iwiri. Kumene kulibe zikwangwani, yang'anani pazitseko za mabanki, mafamase ndi mashopu akuluakulu, chifukwa ambiri amalemba dzina la msewu. Mukapapeza pa mapu, ikanipo kadontho ka pensulo.

Kadontho kabuluu ka pafoni, kosonyeza pamene muli, kamakhala kolondola mpaka mamita asanu kapena khumi mukakhala pabwalo. Pakati pa nyumba zazitali, kapena pansi pa denga la malata la depoti, kamatha kudumphira msewu wina. Kabwalo kotuwa kozungulira kadonthoko kakakula, foniyo ikukayika. Tulukani pamtetete, dikirani theka la mphindi.

## 4. Pezani kumpoto pamalo pamene mulipo

Ndi kampasi yam'manja. Igonekeni pachikhatho mosapendekeka, cha pamchombo, ndipo dikirani singano ikhazikike. Nsonga yofiira ndiyo yakumpoto. Talikirani galimoto, mapolo achitsulo, mageti, thiransifoma ndi mipanda ya malata ndi masitepe asanu kapena kuposa. Yesani kawiri pamalo awiri otalikirana mamita 20. Singano ikaloza kosiyana, pali chitsulo chimene chikuikoka.

Singano siloza kumpoto kwenikweni kwa mapu, imaloza kumpoto kwa maginito, ndipo kusiyana kwake kumadalira dziko limene muli. Ku Malawi ndi ku Zambia imapatukira kumadzulo ndi madigiri ochepa, moti mumzinda mungakunyalanyaze. Ku London kusiyanako pafupifupi kulibe. Ku Johannesburg n'kwa madigiri pafupifupi 20, ku Cape Town pafupifupi 25, ndipo kumeneko musakunyalanyaze: kumpoto kwenikweni kuli kudzanja lamanja la nsonga yofiira ndi madigiri amenewo. Dziwaninso kuti kampasi yogulidwa ku Ulaya nthawi zina singano yake imaweramira mbali imodzi ikabwera kum'mwera kwa Africa, n'kumakhula pansi pa kabokosi. Ipendekeni pang'ono mpaka singano iyende momasuka.

Ndi foni. Chotsani chikwama cha foni chokhala ndi maginito potsekera, chifukwa chimenechi n'chimene chimasokoneza kampasi za mafoni ambiri. Yendetsani foni m'mwamba mojambula nambala 8 katatu kapena kanayi. Pa Google Maps, kuwala kotuluka pakadontho kabuluu kumasonyeza kumene mutu wa foni waloza. Kukakhala kotambalala, kampasi sinakhazikike. Ngati foni ilibe kampasi, yendani mamita 30 molunjika muone kumene kadontho kasunthira. Njira imeneyi ndi yodalirika kuposa muvi, ndipo ndi yabwino kuigwiritsa ntchito ngakhale foni ili yodula.

Ndi dzuwa. Pano m'pamene ambiri amadzidalira mopitirira. Dzuwa limatulukira kum'mawa kwenikweni cha pa 21 Malichi ndi pa 23 Sepitembala pokha. Ku Lilongwe, mu Juni limatulukira madigiri pafupifupi 24 chakumpoto kwa kum'mawa, mu Disembala madigiri 24 chakum'mwera. Polowa n'chimodzimodzi: mu Juni limalowera kumadzulo chakumpoto, mu Disembala kumadzulo chakum'mwera. Lidalireni isanakwane 9 koloko m'mawa ndiponso ikadutsa 3 koloko masana, mthunzi ukakhala wautali.

Dzuwa la paliwombo ndi lonyenga kuno kwathu. Ku Johannesburg limakhala kumpoto chaka chonse, ku London limakhala kum'mwera chaka chonse, koma ku Malawi limasinthasintha. Ku Lilongwe limadutsa pamutu penipeni chakumapeto kwa Okutobala ndiponso cha pakati pa Febuluwale. Pakati pa nthawi ziwirizi, m'nyengo ya mvula yoyamba, limakhala chakum'mwera ndipo mthunzi umagwera kumpoto. Miyezi ina yonse limakhala chakumpoto. Paliwombopo limafika pakati pa 11:30 ndi 12 koloko.

Ndi ndodo. Zikani ndodo chilili pamalo athyathyathya. Ikani mwala pansonga ya mthunzi. Pakatha mphindi 20 ikani mwala wachiwiri pamene nsongayo yafika. Mwala woyamba ndi wakumadzulo, wachiwiri wakum'mawa. Pondani woyamba ndi phazi lamanzere, wachiwiri ndi lamanja: mwayang'ana kumpoto. Njirayi imalondola kwambiri chakumasana, m'mamawa ndi madzulo imaphonya pang'ono.

M'mizinda ya ku Malawi mzikiti nawo umathandiza. Khoma limene opemphera amayang'ana, lomwe nthawi zambiri limakhala ndi kachipinda kotulukira kunja, limaloza ku Mecca, ndipo kuchokera ku Lilongwe kumeneko ndi madigiri pafupifupi 10 chakum'mawa kwa kumpoto.

## 5. Gonekani msewu wa papepala pa msewu weniweni

Apa m'pamene pagona ntchito yonse, musathamange.

Imani m'mbali mwa msewu moyang'ana kumene ukulowera. Gwirani mapu chogona, ngati mwawaika patebulo, osati choimika pamaso. Azungulizeni mpaka mzere wa msewu umene mwaimapo ulunjike chimodzimodzi ndi msewu weniweniwo, kuchoka pamimba panu kupita kutsogolo. Zilembo zikadodoma kapena kugona cham'mbali, zisiyeni choncho. Anthu ambiri amabwezanso mapu kuti awerenge bwino mayina, ndipo akatero awononga zonse zimene anakonza.

Tsopano pali msampha. Mzere wowongoka umagona pamsewu m'njira ziwiri, yolondola ndi yozondoka, ndipo zonse ziwiri zimaoneka bwino. Mukasankha yozondoka, chilichonse chimene mapu akuti chili kumanja chikhala kumanzere, ndipo muyenda molimba mtima kulowera kolakwika. Kuti mutsimikize, pezani chinthu chachiwiri chimene sichili pamzere wa msewuwo: kamsewu kopatukira mbali imodzi yokha, tchalitchi, filing'i siteshoni, phiri, mtsinje. Ngati pansi chili kudzanja lanu lamanja, pa mapu chikhalenso kumanja kwa mzere. Ngati chili kumanzere, zungulizani mapu theka lathunthu. Kenako pezani chachitatu chakutsogolo kapena chakumbuyo. Musadalire mphambano ya misewu inayi yofanana mbali zonse, chifukwa imagwirizana ndi mapu ngakhale mutawagwira molakwika.

Ngati muli ndi kampasi, iikeni pamapu, m'mphepete mwake mutsatane ndi muvi wa N, ndipo zungulizani mapu ndi kampasi limodzi mpaka nsonga yofiira igwirizane ndi muviwo. Ku Cape Town musiye nsongayo ili madigiri 25 kumanzere kwa muvi. Mukatero kwezani maso muone ngati msewu wa papepala wagonadi pa weniweni. Kampasi ndi maso zikatsutsana, khulupirirani maso, sunthani malo, yesaninso kampasi.

Pafoni chitani zomwezo: tsekani kuzungulira kwa sikirini, siyani kumpoto kumutu, ndipo tembenuzani foni yonseyo m'manja ngati pepala.

## 6. Yezani mmene misewu ya mzindawo inapendekera

M'mizinda imene misewu yake imapingasana ngati timabokosi ta m'kope la masamu, mukayeza msewu umodzi mwayeza yonse. Imani pamsewu wautali wowongoka, lozetsani kampasi motsata msewuwo, werengani madigiri. Onjezerani 90 katatu, mupeza mbali zinayi za mzindawo. Lembani manambala anayiwo pakona ya mapu.

Ku Manhattan, misewu italiitali yotchedwa avenue inapendekera kum'mawa ndi madigiri pafupifupi 29, malinga ndi pulani ya 1811 imene inatsata kutalika kwa chilumbacho. Mbali zake zinayi ndi 29, 119, 209 ndi 299. Munthu wa kumeneko akati "pitani kumpoto" akutanthauza 29, ndipo mukaumirira kutsata 0 wa kampasi mukagunda khoma. Ku Barcelona, dera la Eixample limene anakonza Ildefons Cerdà linapendekeka ndi madigiri 45, moti misewu yopingasanayo palibe umene umaloza kumpoto. Eni ake amangonena za mbali ya kunyanja ndi mbali ya kuphiri. Ku Montreal anatenga mtsinje wa Saint Lawrence ngati kum'mwera, ndiye kumene zikwangwani zimati kumpoto kwenikweni ndi kumpoto chakumadzulo. Chicago ndiye inatsata kampasi ndithu, ndipo manambala a nyumba amayambira pamphambano ya State Street ndi Madison Street.

Chofunika kutolapo n'chakuti mzinda umatha kukhala ndi kumpoto kwakekwake. Mukafunsa njira, kapena mukaona chilembo N, S, E, W pa dzina la msewu, tsatani kumpoto kwa mzindawo. Kampasi ingokuthandizani kudziwa kuti mwa mbali zinayi zija mwayang'ana iti: sankhani nambala yoyandikira kwambiri ndi imene kampasi ikuwerenga.

Chenjezo: mzinda umodzi umatha kukhala ndi zigawo zingapo zopendekeka mosiyana, chifukwa zinamangidwa nthawi zosiyana. Msewu ukakhota pang'ono popanda chifukwa chooneka, kapena mukaona midadada (magulu a nyumba ozunguliridwa ndi misewu) yangodya zitatu, mwalowa chigawo china. Yezaninso. Samalaninso ndi misewu yodula mopingasa ngati Broadway ku Manhattan kapena Avinguda Diagonal ku Barcelona. Mukayenda pa msewu wotere n'kukhota "kumanja kwenikweni", mulowa msewu wina wosiyana ndi umene mumaganiza.

## 7. Sankhani kayendedwe koyenera mzindawo

Mzinda wa timabokosi. Pakati pa Johannesburg, Harare ndi Bulawayo m'motere. Werengani midadada, osati mamita: itatu kutsogolo, iwiri kumanja. Amene mwatsikira pa Park Station ku Johannesburg, dziwani kuti siteshoniyo yazunguliridwa ndi misewu inayi, Rissik chakumadzulo, Wolmarans chakumpoto, Wanderers chakum'mawa ndi Noord chakum'mwera, ndipo khomo limene mwatulukira ndilo likuuzani kumene mwayang'ana. Nsanja yaitali ya Hillbrow ili kumpoto chakum'mawa, Carlton Centre ili chakum'mwera. Konzani mapu muli mkati, lowezani makona awiri oyamba, foni ilowe m'thumba musanatuluke. Mayina ena anasintha: Noord Street ndi Sophie de Bruyn, Bree Street ndi Lilian Ngoyi, Jeppe Street ndi Rahima Moosa, Market Street ndi Albertina Sisulu. Oyendetsa mataxi ambiri akutchulabe akalewo pamene foni ikulemba atsopano, ndiye lembani onse awiri.

Mzinda wa msana umodzi. Pakati pa Lusaka pamayendera Cairo Road, msewu wochoka kum'mwera kupita kumpoto wokhala ndi raundabauti kumapeto konse kuwiri. Njanji ili kum'mawa kwake, ndipo Chachacha Road, Freedom Way ndi Lumumba Road ili kumadzulo, yonse motsatana nawo. Great East Road, yopita ku Chipata ndi ku Malawi, imayambira pa raundabauti yakumpoto. Mumzinda wotere funso n'limodzi nthawi zonse: ndili mbali iti ya msana, ndipo ndikukwera kapena ndikutsika?

Mzinda wa ma Area. Lilongwe imasokoneza alendo chifukwa manambala a madera satsatana ndi malo. Area 24 ili chakum'mwera kwa mzinda, pamene Area 25 ili kumpoto kufupi ndi Kanengo. Wongoganiza kuti n'zoyandikana adzalipira minibasi ziwiri. Misewu yambiri ya m'madera imakhota mozungulira, ina n'kuthera pageti la munthu, ndiye kuwerenga midadada sikuthandiza. Gwirani mafupa a mzindawo: M1 yochoka ku Dedza kupita ku Kanengo ndi kubwalo la ndege kumpoto, msewu wa Mchinji wolowera kumadzulo, mtsinje wa Lilongwe wodula Old Town pakati, msika ndi depoti tsidya lina, Area 3 ndi Area 4 tsidya linalo, ndi City Centre kumpoto chakum'mawa kwa Old Town. Werengani ma raundabauti. Pa iliyonse, onani pa mapu kuti mutulukira njira yachingati, kuwerenga kuyambira kumanzere monga mmene galimoto zimazungulira, ndipo mukatuluka gonekaninso mapu, chifukwa raundabauti ndi imene imazunguza mutu kuposa kona ina iliyonse. M1 yomweyo musaitenge ngati yolunjika kumpoto paliponse. Mkati mwa Old Town imakhota kwambiri.

Mzinda wa mapiri. Ku Blantyre kampasi yanu ndi mapiri. Mukaima pakati pa tauni, Ndirande ali kumpoto chakum'mawa, Soche chakum'mwera, Michiru kumpoto chakumadzulo, ndipo Limbe ili chakum'mawa motsata msewu wa Masauko Chipembere. Mukazindikira mapiri awiri, mapu mwawagoneka kale: lozetsani Ndirande wa papepala kwa Ndirande weniweni, muone ngati Soche wagwera pamalo pake. Pakati pa tauni samalani, chifukwa Victoria Avenue, Glyn Jones Road ndi Haile Selassie Road zimapanga ngodya zitatu. Amene wazolowera timabokosi amaganiza kuti akakhota kanayi abwerera pamene anayambira, pamene apa katatu kakwana. M'miyezi ya chifunga ndi chiperoni, kapena mu Okutobala utsi ndi fumbi zikaphimba mapiri, bwererani ku misewu ndi kampasi.

## 8. Yendani chala chili pamapu

Ikani chala chachikulu pamene mwaima, nsonga yake iloze kumene mukupita. Pindani pepala kuti chala chifike bwino. Mukadutsa mphambano, sunthani chala. Mukakhotera kumanja, zungulizani mapu kumanzere m'manja mwanu kuti msewu watsopano uchokenso pamimba kupita kutsogolo. Kunena zoona mapuwo sanasunthe, akugonabe monga dziko lagonera, mwazungulira ndinu.

Musanayambe chigawo chilichonse cha ulendo, dziuzeni zinthu zitatu: mtunda kapena mphindi zofika pokhota, chimene muone kudzanja lamanja kapena lamanzere m'njiramo, ndi malire. Malire ndi chinthu chachikulu chimene chili kuseri kwa pokhota panu, chimene simungachidutse osachiona, monga mlatho, njanji kapena msewu wa mizere inayi. Mukafika pamalire ndiye kuti mwapitirira, bwererani. Ambiri amadumpha zimenezi, n'chifukwa chake amapitirira ndi kilomita yathunthu akuyembekeza kuti kona ija ili patsogolo pang'ono.

Mukatuluka m'sitolo yaikulu, mumsika kapena m'siteshoni yokhala ndi makomo ambiri, yambiraninso pa sitepe 3. Khomo lotulukira silikhala lolowera lija nthawi zonse.

## 9. Mukaona kuti zasokonekera

Imani pomwepo. Kumbukirani malo omaliza amene munali otsimikiza, ndi mphindi zimene zadutsa. Ngati ndi mphindi zisanu, muli mkati mwa mamita 400 kuchokera pamenepo. Jambulani kabwalo ka mtunda umenewo pa mapu, mufufuze m'menemo mokha. Mukalephera, bwererani m'mapazi anu mpaka pamalo otsimikizika aja. Njira zachidule zodutsa m'makwalala osawadziwa zisiyeni.

Pofunsa, sankhani wogulitsa wokhazikika pamalopo, mlonda wa pageti kapena wakabaza. Musawapatse mapu kuti aloze, chifukwa ambiri odziwa bwino dera lawo sayendera mapu. Afunseni kuti, "Pepani bambo, msewu uno ukukatulukira kuti?" Yankho la funso limenelo likupatsani mbali, ndipo mapu mugoneka nokha.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa kawirikawiri

Kuimika mapu pamaso ngati nyuzipepala. Mapu oimika alibe kutsogolo ndi kumbuyo, ali ndi kumwamba ndi pansi. Agonekeni.

Kusokoneza kumtunda ndi kumpoto. Munthu akati "kwererani kumtunda" akunena za chitunda cha msewu, kapena mbali imene anthu a deralo anazolowera kuitchula choncho. Ku Zomba kumtunda ndi kuphiri, komwe kulidi chakumpoto kwa tauni, koma m'mizinda ina kumtunda kungakhale kum'mwera.

Kukhulupirira muvi wa foni mutakhala m'minibasi kapena mutangotsika. Chitsulo cha galimoto chimausokoneza, ndipo umatenga kanthawi kuti ukhazikike. Yendani mamita 30 muone kadontho.

Kukuza mapu a pafoni mopitirira. Sikirini ikangosonyeza msewu umodzi ndi nyumba zinayi, mulibe chinthu chachiwiri chotsimikizira mbali. Chepetsani mpaka muone mtsinje, njanji kapena msewu waukulu, mugoneke mapu, kenako mukuzenso.

Kuwerenga tinjira ngati misewu. Mapu akati pokhota ndi pamsewu wachitatu, pansi mupeza tinjira ta kuseri kwa mashopu ndi mipata yolowera magalimoto imene papepala palibe. M'madera ngati Ndirande, Mtandire kapena Kawale zimachitikanso mosiyana: mapu amasonyeza njira imene pansi inatsekedwa ndi mpanda. Phatikizani kuwerenga ndi mtunda umene munayeza pa sitepe 2.

Kuiwala kuti pobwerera zonse zimatembenuka. Kumene munakhotera kumanja popita, pobwerera mukhotera kumanzere, ndipo kona imaoneka mosiyana mukaichokera mbali ina, makamaka kukada. Mukangokhota, cheukani muione mmene idzaonekere pobwerera.

Kulondolera munthu pafoni ndi "kumanja" ndi "kumanzere" basi. Mawu amenewa alibe ntchito ngati simunanene kumene munthuyo akuchokera. Yambani ndi mbali, kenako chizindikiro, kenako dzanja: "Mukuchokera ku Limbe kulowera m'tauni, mukadutsa raundabauti ya ku Chichiri, werengani misewu iwiri ya kumanzere, mulowe wachiwiriwo. Mukaona Clock Tower ndiye kuti mwapitirira kwambiri, mundiimbire."